Usipa Umene Unaitana Ozimitsa Moto

Mpaka lero ndikamva alamu ya moto ikulira, kaya ndi kuchipatala kumene ndimagwira ntchito kaya ndi m'sitolo, thupi limandichita tsembwe ndipo ndimayamba kununkhiza manja anga. Anzanga a ku wodi amaganiza kuti ndine nesi wosamala kwambiri za chitetezo. Asiyeni aganize choncho. Zoona zake n'zakuti kuli sukulu ina ku Shropshire, kuno ku England, kumene dzina langa lenileni salidziwa, koma mukangoti "mayi a nsomba aja", ngakhale wotchetcha kapinga akulozerani pamene ndinaima.

Zinayamba pamene mwana wathu mmodzi yekhayo, Tamanda, anakhoza mayeso olowera sukulu yogonera komweko, ija ya ana a anthu olemera. Sukuluyo inamuchotsera fizi pafupifupi yonse chifukwa cha mutu wake (mutu umenewo anatengera ine, ngakhale bambo ake amatsutsa). Kutchalitchi kwathu ku Smethwick tinapereka umboni, azimayi analiza nthungululu, abusa anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ine ndinkamwetulira nawo, koma mumtima ndinali ndi mantha amene sindinauze munthu. Mwanayu anabadwira konkuno ku Birmingham, ndipo kuyambira ali wamng'ono ndikamuyankhula Chichewa ankandiyankha Chingerezi. Nanga akakakhala chaka chathunthu pakati pa ana a mabwana, adzabwera akundidziwa? Ndinkaopa kuti tsiku lina adzachita nane manyazi, n'kumandibisa kwa anzake ngati ndiwo za dzulo.

Tsono ine sukulu yogonera ndimaidziwa, kapena tinene kuti ndinkaganiza kuti ndimaidziwa. Ndinaphunzira ku sekondale ya atsikana kwathu ku Malawi, kumene nyemba zinkabwera ndi anankafumbwe ake, ophika n'kumati imeneyo ndiye nyama yathu. Phala linali lopanda shuga. Mwana amene makolo ake sankabwera pa tsiku loona ana ankadziwika ndi khosi. Amayi anga ankakwera matola kuchokera ku Dedza, dengu pamiyendo, muli usipa wokazinga, chigumu ndi botolo la chiponde. Ankandikhazika pansi pa mtengo kuseri kwa hositelo n'kumandiyang'ana ndikudya mpaka nditalephera kupuma. Sanandiuzepo kuti amandikonda, ndipo sindinafunepo kuti anene, chifukwa dengu lija linkanena zonse.

Ndiye nthawi yolongedza itafika mu Sepitembala, ndinalongedza monga anandilongedzera ine. Ndinapita ku Cape Hill kukagula ndowa ya pulasitiki, loko wamkulu wa pasutikesi, tochi ndi sopo wochapira wamtanda.

"Mum, why do I need a bucket?" anafunsa Tamanda.

"Madzi akasiya udzasambira chiyani? Udzachapira muti?"

"They have a laundry, Mum."

"Tenga. Ndowa siluma."

Bambo ake anali pasofa, akudziyesa ngati akuonera mpira. "Amayi a Tamanda, khasu ndi chikwakwa mwaiwala," anatero osatembenuka n'komwe. (Ndivomere kuti za chikwakwazo ndinali nditaziganizirapo.)

Titafika kusukuluko ndinangoti kukamwa yasa. Chipinda cha mwana chinali ndi kapeti, zenera lake loyang'ana kudambo kumene nkhosa zinkadya msipu. Anatilandira mayi woyang'anira nyumba ya atsikana, wamtali, wa imvi, amene ine ndinkangowatcha a matroni. Kulikonse kumene ankapita ankatsatidwa ndi galu wawo wonenepa, dzina lake Bisiketi. Ataona ndowa ija anati ndi chinthu chothandiza kwambiri, ndi mawu aja amanena azungu akafuna kuseka koma analeredwa bwino. Chiponde chokha anandibwezera pakhomo pomwepo, chifukwa m'nyumbamo munali ana amene mtedza umawadwalitsa. Pamenepo sindinalimbane nawo, ndine nesi. Koma ndinabwerera kunyumba ku Kings Heath botolo lili pamiyendo, mumtima ndikuti mwana wanga ndamusiya opanda chida.

Pofika tchuthi cha Khrisimasi, amene anatsika m'galimoto sanali Tamanda wanga ndendende. Anzake pafoni ankamutcha Tammy. Tiyi ankamwa wopanda shuga, mwa kufuna kwake. Ankayala bedi asanauzidwe, zimene zinandiopsa kuposa zonse. Ndipo nditamukumbatira, manja anga anakumana kumbuyo kwake mosavuta. Ndinamugwira pamkono, ndinamva fupa.

"Kalanga ine, mwanayu watha! Kodi kumeneko amakudyetsani mphepo?"

"I've joined cross country, Mum. We run."

"Akukuthamangitsa ndani?"

"No one. It's a sport."

Bambo ake anati mwanayu ali bwinobwino, wangolimba thupi basi, ndimusiye. Koma ine ndinkadziwa zanga. Nafenso kale tinkauza makolo kuti tikudya bwino kuti asadandaule. Munthu wokhuta angadzuke m'mamawa kuzizira kwa ku England kuno n'kumathamanga m'matope popanda womuthamangitsa? Ndinaona kuti mwanayu akubisa njala, ndipo akuibisa mwaulemu ngati mwana wanga weniweni.

Mu Januwale, mnzanga anaPhiri wa ku Small Heath anabwera kuchokera kumudzi ndi usipa wouma, n'kundigawirako kajumbo kodzaza bwino. Sindinaulawe ngakhale umodzi. Ndinaubisa kuseri kwa ufa, kumene bambo a Tamanda safika, kudikira tsiku. Ndipo tsikulo linabwera lokha. Loweruka lina mu Febuluwale kusukulu kunali mpikisano wothamanga, makolo anaitanidwa kukaonera ndi kukamwa tiyi pambuyo pake. Bambo a Tamanda anali pa shifiti, choncho ndinali kupita ndekha, popanda wondigwira dzanja.

Cholinga changa chinali kukazingira kunyumba, ndikunena zoona. Koma m'mawa umenewo ndinachedwa kuweruka, nthawi inali itatha. Ndinaima m'khitchini n'kumaganiza: kunyumba ya atsikana kuja ndinaonako kakhitchini. Komanso usipa wotentha ndi wozizira n'zosiyana. Ndiye ndinatenga chikwama chachikulu chokagulira zinthu, n'kuikamo usipa, anyezi, tomato, mafuta, mchere, felempani, ndi kahotipuleti kamene ndinkaphikira m'chipinda nditangofika kumene m'dziko lino. Maganizo oti ndifunse kaye a matroni anabwera ndithu, koma ndinawakankhira kumbali. Paja akulu anati safunsa adadya phula.

Mpikisano unachitikira pamvula yowaza. Ana anathamanga kuzungulira dambo, kukwera kaphiri, kutsika, matope mpaka m'makutu. Tamanda anafika pakati pa oyambirira. Makolo enawo ankaomba m'manja pang'onopang'ono ngati akuopa kudzutsa khanda, ine ndinaliza nthungululu imodzi yokha, yaifupi, koma nkhosa zinathawa. Tamanda anandikwezera dzanja pang'ono, chapamchiuno. Kenako anatilowetsa m'chipinda chochezera kukamwa tiyi, ndipo m'pamene ndinaona ndi maso anga chakudya cha pasukulupo: timasangweji topyapyala toti ukhoza kuwerengera nyuzipepala kudutsa mkati, tili ndi nkhaka zokhazokha. Mwana wathamanga mtunda wonse uja, n'kumupatsa nkhaka! Apa ndinatsimikiza kuti Mulungu ndi amene anandituma.

Tamanda anati akukasamba, ndimudikire pomwepo, ndisapite kulikonse (mawu akuti kulikonse anawanena kawiri). Atangokhota, ndinatuluka mwakachetechete, n'kukatenga chikwama changa m'galimoto, n'kukwera masitepe mpaka kukakhitchini kaja. Munali ketulo ndi kamakina kowotchera buledi basi. Pakhoma panali chikwangwani cha zilembo zofiira, chimene sindinawerenge chifukwa magalasi ndinawasiya dala m'chikwama cha m'manja. Ndinatseka chitseko. Ndinatsekanso zenera, chifukwa kusukulu kwathu chakudya chako chikanunkhira, a Fomu 4 ankabwera kudzakuthandiza kudya. Ndinamanga chitenje pamwamba pa diresi langa lakutchalitchi, n'kuyatsa kahotipuleti.

Abale, fungo limene linatuluka usipa utagwera m'mafuta! Ndinaiwala kuti ndili ku Shropshire. Ndinali pansi pa mtengo uja, amayi ali pambali panga akumasula nsalu padengu. Ndinayamba kung'ung'udza nyimbo ya kwaya, n'kuthira anyezi.

Kenako ndinamva kukanda pachitseko. Ndinatsegula pang'ono kuti ndione, ndipo Bisiketi analowa ngati mwini nyumba. Galu ameneyu kuyambira kubadwa ankangodya timabisiketi touma ta m'thumba, ndiye lero wamva fungo la chakudya chenicheni. Analunjika pafelempani. Ndinamugwira pakhosi, iye kukoka, ine kukoka, ndikumunong'oneza kuti "Choka! Tiye uko!" koma galu wachizungu samva Chichewa. Pamene tinkalimbana choncho, anyezi anapsa, mafuta anayamba kufuka, ndipo utsi wopanda kotulukira unakwera kudenga.

Alamu inalira.

Apa ndiyenera kufotokoza. Kunyumba kwathu ku Kings Heath alamu ya utsi imalira pafupifupi tsiku lililonse, moti bambo a Tamanda akaimva amapita kukasamba m'manja, amadziwa kuti ndiwo zapsa. Umangoikupiza ndi nsalu, imakhala chete. Ndiye sindinatekeseke. Ndinamasula chitenje, n'kukwera pampando, n'kuyamba kukupiza. Sinasiye. Ndinakupiza mwamphamvu, nsonga ya chitenje inagwera pahotipuleti n'kubooka chibowo chakuda. Ndi pamene ndinazindikira kuti siikulira m'khitchini mokha. Inkalira m'makonde, pansi, pamwamba, nyumba yonse. Zitseko zinayamba kudzitseka zokha, mapazi ambirimbiri akuthamanga kutsika masitepe.

Ine chaka chilichonse kuntchito amatiphunzitsa za moto. Ndimadziwa kuti alamu ikalira umasiya zonse n'kutuluka, ndipo manesi atsopano ndimawauza zimenezi ndi nkhope yoopsa. Koma tsiku limenelo ndinazimitsa kahotipuleti, n'kukhala pampando, n'kudziuza kuti ndikatuluka pano adziwa kuti ndine, bola ndidikire, mwina itopa yokha.

Sinatope. Nditasuzumira pazenera ndinaona atsikana onse atafola pakapinga, pamvula, ena matawulo kumutu, ena sopo m'tsitsi, wina nsapato imodzi. Makolo anaima chapatali, ena makapu a tiyi akadali m'manja. A matroni anaitana mayina a ana onse, onse anayankha. Kenako anayamba kuzungulirazungulira akufuula, "Bisiketi! Bisiketi!" Bisiketi anali pamapazi anga akutafuna usipa umene ndinamupatsa kuti asauwe. Ndiye kumsewu kunatulukira galimoto yofiira ya ozimitsa moto, magetsi ali phethiphethi.

Amene anatsegula chitseko anali mnyamata wamkulu thupi, chisoti kumutu. Anandipeza nditakhala mwaulemu, felempani ndili nayo m'manja, galu pambali.

"Mayi, muli bwino?" anandifunsa.

"Ndili bwino, bambo, kaya inu?" (Chizolowezi sichisankha malo.)

Anandiuza kuti ndisiye zonse nditsike. Zonse ndinasiya, kupatula felempani, chifukwa ndiwo sizisiyidwa kwa alendo. Choncho tinatuluka pakhomo lalikulu motsogozana: patsogolo wozimitsa moto atanyamula kahotipuleti kanga ndi manja awiri, pakati ine ndi felempani, chitenje chobooka paphewa, pambuyo Bisiketi akunyambita milomo. Alamu inasiya kulira nthawi yomweyo, kuti aliyense aone bwino mwabata. Kamtsikana kena kanasuzumira m'felempani n'kufunsa mokweza kuti n'chifukwa chiyani tinsombato tikumuyang'ana.

Ndinafunafuna Tamanda ndi maso. Anali kumapeto kwa mzere, tawulo kumutu, madzi akutsika kumaso, ndipo si onse anali a mvula.

"Mum," anatero. Basi, mawu amodzi omwewo, n'kuyang'ana pansi.

Za muofesi ya a matroni sindikamba zambiri. Ndinakhala kumphepete kwa mpando ngati wa Fomu 1, mayi wa msinkhu wanga. Anayankhula mofatsa, anati amamvetsa mtima wa kholo, anandionetsa ndandanda ya zimene ana amadya, ndipo ndinaona nkhuku, mpunga, nyama, ndi zina zimene ine kunyumba sindigula. Masangweji a nkhaka aja anali a ife makolo. Pobwerera ndinayendetsa galimoto ndikulira, fungo la usipa lili thoo. Bambo a Tamanda atamva nkhaniyo anaseka mpaka kugwira khoma, koma ataona nkhope yanga anasiya, n'kukanditenthetsera madzi a tiyi.

Chimene ndinkachiopa chija ndinali nditachiitana ndekha. Mafoni a Tamanda anafupika. Pa tchuthi cha Pasaka ankangodzitsekera kuchipinda. Tsiku lina ndinagogoda, n'kukhala pabedi pake.

"Everyone knows, Mum. Even the boys' houses. They sniff when I walk past."

Kwathu kholo silipepesa mwana, limangomuwonjezera ndiwo. Ine tsiku limenelo ndinachita zonse ziwiri. Ndinamuuza kuti pepa mwanawe, ndinalakwa. Ndinamufotokozeranso za agogo ake, za matola, za dengu ndi mtengo uja, zinthu zimene ndinali ndisanamuuzepo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Ndinatuluka osadziwa ngati zalowa kapena zangodutsa.

Teremu yomaliza ili mkati, anabwera kumapeto kwa sabata ina n'kundipempha chitenje ndi duku, akuti ndi za ntchito ya kusukulu. Ndinamutulutsira chatsopano, koma anasankha chobooka chija. Sindinafunse. Masiku amenewo ndinkayenda mosamala ngati ndanyamula mazira.

Mu Julayi kunali mwambo wotsekera chaka. Ndinauza bambo a Tamanda kuti apite okha, mwana asachitenso manyazi, koma Tamanda anatumiza uthenga kuti tibwere tonse. Tisanatuluke m'nyumba, bambo ake anandiimitsa pakhomo.

"Amayi a Tamanda, tsegulani handibagi."

"Mwayamba upolisi liti?"

"Kuyambira Febuluwale. Tsegulani."

Anapezamo mpango, magalasi ndi maswiti a chifuwa. Anakhutira.

Mwambo unachitikira m'chitenti chachikulu pabwalo. Panali zoyankhula, mphoto, nyimbo, ndipo Tamanda analandira kachikho ka mpikisano wothamanga (nthungululu ndinaimeza, inandipweteka pakhosi). Kenako analengeza kuti, monga mwa mwambo wa pasukulupo, nyumba iliyonse ichita kasewero konyoza zimene zachitika m'chakacho. Anyamata anatsanzira aphunzitsi awo, anthu anaseka. Itafika nyumba ya atsikana, panabwera tebulo, mpando, ndi mtsikana wina wokwawa atavala makutu a galu. Ndinagwira dzanja la bambo a Tamanda kuti tithawe, koma tinali pakati pa mzere.

Ndiye analowa mayi wina, chitenje chobooka m'chiuno, duku kumutu, chikwama chachikulu m'manja, akuyenda mayendedwe amene ndimawaona ndikadutsa pagalasi la sitolo. Anaima pamaso pa mtsikana wovala zothamangira, n'kumugwira pamkono, n'kugwira pakamwa.

"Kalanga ine, mwanayu watha! Mafupa okhaokha! Kodi kuno amakudyetsani mphepo? Akukuthamangitsa ndani? Khala pansi apa udye, usandiyankhe!"

Anali Tamanda, abale, ndipo ankayankhula Chichewa. Chichewa chenicheni, chakwathu ku Dedza, chokoka mawu mmene ndimakokera ine, mmene ankakokera amayi anga. M'tentimo munalibe womva mawu amenewo kupatula ife awiri, koma anthu anaseka mpaka kupukuta misozi, chifukwa mayi wotere aliyense ali naye kwawo. Bambo a Tamanda anatsetsereka pampando. Tamanda anakazinga, analimbana ndi galu akumuuza kuti "Choka! Tiye uko!", anakwera pampando n'kukupiza chitenje. Ine ndinkalira. Chibadwire chake ndinali ndisanamumvepo akumaliza chiganizo chimodzi cha Chichewa, ndipo ndinkaganiza kuti mawu anga onse aja ankagwera pansi. Mayi wachizungu wa pambali panga anandipatsa tishu, akuganiza kuti ndi misozi ya kuseka.

Sewero litatha, Tamanda anaima kutsogolo, duku lili pambali, n'kuloza kumene ndinakhala.

"That's my mum," anatero, mokweza.

Tenti yonse inatembenuka n'kuomba m'manja, ulendo uno mwamphamvu. A matroni anandikwezera kapu. Manyazi anandigwira kuposa a mu Febuluwale, koma ndinaimirira ndithu, n'kuliza nthungululu ija ndinaimeza.

Pambuyo pake, tikunyamula katundu wake kupita kugalimoto (ndowa inabwera yodzaza nsapato zamatope, ndiye musamati sinagwire ntchito), Tamanda anandikoka pambali n'kundinong'oneza.

"Amayi, mwabweretsa?"

"Chiyani?"

"Usipa."

"Sanabweretse," anayankha bambo ake monyada. "Ndinachita kusecha ndekha."

Ndinawapempha kuti atsegule buti ndi kunyamula kapeti ya pansi. Pamenepo, mkati mwa tayala la sipeya, panali kontena yokulungidwa bwino m'nsalu, ikadali yofunda pang'ono. Bambo a Tamanda anangogwira m'chiuno.

Tinadyera pomwepo poimika magalimoto, ndi manja, atatu tonse, Bisiketi akubwera chothamanga kuchokera kutsidya la bwalo. Ine ndinadya pang'ono. Ndinkangomuyang'ana mwana wanga akudya mpaka atalephera kupuma.

Anthu amandifunsa ngati ndinatengapo phunziro. Ndinatengapo ndithu, ndipo sindidzabwerezanso: usipa umakazingira kunyumba.